Za basi mwasonkha, nanga za m'mimba?

Mwezi wa Meyi ukamatha kuno ku Thyolo masamba a tiyi amayamba kuchepa, ndipo amene analembedwa ntchito ya sizoni mu Disembala amauzidwa kuti akadikire mvula ina. Ndiyo nthawi imene pa Thunga, pa Bvumbwe, pa Luchenza mpaka ku Masambanjati mumapeza anyamata ataunjirira foni imodzi, nkhani ili ya ku Joni. Wina wagulitsa njinga yake ya kabaza, wina mbuzi ziwiri za mayi ake, wina wakagwada ku banki m'khonde. Mukawafunsa kuti zakwana zingati, amawerengera pamtima osadodoma: ya pasipoti yakuti, ya basi yakuti, yoonetsa pa boda yakuti, ya bandulo yakuti. Ndiye muyese kufunsa kuti nanga ya chakudya ili pati. Amaseka. "Aaa, akulu, zimenezo tikaonera konko."

Mawu amenewo ndawamva kambirimbiri, ndipo inenso ndinawanenapo ndili ndi zaka 23. Lero ndikufuna ndiwatsutse poyera. Maganizo anga ndi akuti ndalama ya chakudya cha panjira ndi cha mwezi woyamba kunja izipatulidwa tikiti isanagulidwe. Ngati ndalama imeneyo palibe, munthu asamanene kuti ya ulendo yakwana, chifukwa imene yakwana ndi yokutula pa Park Station basi. Ukatsika pamenepo mimba siidziwa kuti ndiwe mlendo.

Chimene timaiwalira chakudya ndikuchimvetsa. Mwana wokulira pa esiteti sanaonepo mtengo wonse wa mbale ya nsima pamalo amodzi. Bambo kapena mayi akakhala kuntchito chamasana amadyera komweko, nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo, chija agogo athu ankachitcha phoso. Kunyumba chigwada chili kuseri, mapeyala amagwa okha nyengo yake, nkhuni n'zotola, madzi ndi a pa mjigo. Sindikunena kuti ku Thyolo kulibe njala, ayi. Nthaka yabwino inapita ku tiyi kalekale, ambirife timalima timinda tonga mkeka, nthochi zimene zinkatitchukitsa zinatha ndi chisaka, ndipo Januwale akafika kawokumani ndiko kamalamula pakhomo. Komabe kwathu kuno sulipira ufa, ndiwo, moto, madzi, mchere, mpando ndi wotsuka mbale nthawi imodzi. Ukaodira pakhomo pa munthu nthawi ya nkhomaliro, madzi osamba m'manja amabwera usanafotokoze chimene wadzera. Kunja zonsezi zili ndi mtengo, ndipo zimabwera pa risiti imodzi.

Palinso za makolo. Agogo athu amene ankapita ku migodi ndi Wenela, kenako Theba, sankawerengera chakudya chifukwa kampani ndiyo inkawadyetsa, panjira ndi ku komboni komwe. Chakudyacho sichinali chaulemu, koma chinalipo. Ulendo wa mtundu umenewo unadukiza mu 1974 pamene ndege yobweza ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu. Unadzayambiranso pang'ono, n'kutheratu cha m'ma 1988. Dzina la Wenela lidakalipo pa depoti ya mu Blantyre, ndipo nkhani za agogo obwera ndi wailesi, njinga ndi jekete tidakazimvabe. Kampani yodyetsa munthu panjira ija ndiye kulibenso. Ife tinatengera chilakolako cha ulendo, koma masamu a chakudya palibe anatisiyira chifukwa eni akewo sanawachitepo.

Taonani msewu wake. Kuchoka ku Blantyre mudutsa pa Mwanza kulowa Zobue, muwoloka Zambezi pa Tete, mutuluka Mozambique pa Cuchamano kulowa Nyamapanda, kenako Harare, Masvingo, Beitbridge, Musina, mpaka Johannesburg. Zikayenda bwino ndi masiku awiri, zikavuta atatu. Pa msewu umodzi womwewu pali ndalama za mayiko anayi. Kwacha yanu imathera mphamvu pa Zobue. Ku Tete akufuna ma meticais. Ku Zimbabwe anthu amakonda dola ya ku America ngakhale boma lawo linabweretsa ndalama ya ZiG mu Epulo 2024, ndipo kumeneko chenje chimavuta, mwakuti kanthu kakang'ono kamangokwezedwa kuti kakwane dola yathunthu. Mukayandikira Beitbridge randi ndiyo imayamba kumveka. Nthawi iliyonse mukasintha ndalama pawindo la basi, mnyamata wosinthayo amadyapo yake, ndipo amadziwa kuti muli ndi njala komanso dalaivala akuliza hutala. Munthu wanjala sanenerera mtengo.

Ulendo wanga woyamba, mayi anga, amene anathyola tiyi zaka zambiri mpaka msana unapindika, anagona mochedwa akukazinga mtedza ndi kuphika chigumu. Anandimangira mu jumbo ya buluu. Ine ndinali nditagula jinzi yatsopano ndi chikwama cha matayala, ndiye jumbo ija ndinaona ngati indichotsa ulemu. Ndinaisiya kwa amalume ku Bangwe, ati ndaiwala. Pa siteji iliyonse imene basi inaima ndinkatsika ngati bwana, apa tchipisi ndi nkhuku, apa zoziziritsa kukhosi, apa soseji. Tinafika pa Beitbridge madzulo, ndipo tinachokapo mawa lake dzuwa lili pamutu. Pofika m'bandakucha ndinali nditayamba kudya marandi amene ndinasungira mwezi woyamba. Mayi wina woyenda geni, amene anakhala mpando wa kutsogolo kwanga, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, tenga udye, milomo yauma imeneyo." Chimene anandipatsa m'manja chinali mtedza wokazinga, wofanana ndendende ndi umene ndinausiya ku Bangwe.

Amayi a geni amenewa ndiwo aphunzitsi enieni a nkhaniyi, ndipo ngati mwakhala nawo pafupi m'basi muzionera. Kamba wawo amamugawa potengera nthawi imene chinthu chimaonongekera. Nkhuku yokazinga ndi mazira owiritsa amadya tsiku loyamba, chifukwa kutentha kwa ku Tete sikusewera, ndipo nkhuku yogona m'chikwama pansi pa mpando ikhoza kukutsegulani m'mimba pakati pa tchire dalaivala asakufuna kuima. Thobwa nalo limafufuma, ndipo amene analionapo likuphulika m'basi sabwerezanso. Za tsiku lachiwiri ndi zouma: mtedza, chimanga chokazinga, chigumu, mbatata yootcha, buledi ndi chiponde. Madzi amagula botolo lalikulu ku Blantyre pa mtengo wa kwathu. Amaonetsetsanso kuti zanyama, mkaka ndi zipatso zatha asanafike mbali ya South Africa, poti kumeneko malamulo salola kulowetsa zinthu zotere chisawawa ndipo akhoza kukulandani. Ndalama yogulira chotentha panjira amakhala nayo, koma ndi timapepala ting'onoting'ono tamadola ndi marandi toika patokha, osati kutulutsa bandulo yonse pagulu pofuna kugula nthochi ziwiri.

Muwonjezerepo tsiku limodzi limene simunalikonzekere. Basi imafa, mzere wa pa boda umaima, ndipo amene ankayenda kumapeto kwa 2024 akukumbukira mmene zionetsero za pambuyo pa chisankho cha ku Mozambique zinasokonezera misewu, magalimoto n'kumagona panjira. Chakudza sichiimba ng'oma.

Koma panjira ndi pachabe. Vuto lenileni limayamba mukafika. Ambiri timanyamuka tikudalira achimwene kapena msuweni amene ali ku Tembisa, ku Diepsloot, ku Alexandra kapena ku Mayfair, amene pa foni anati "ingobwera, tidzaona". Munthuyo sananame, koma naye amakhala m'kachipinda kamodzi ka lendi, magetsi ndi ogula mayunitsi, ndipo ufa wake anauwerengera pakamwa pamodzi. Tsiku loyamba akuphikirani nkhuku. Lachitatu muona akutsegula kabati n'kupumira m'mwamba. Sabata yachiwiri ayamba kudyera kuntchito n'kumabwera atakhuta. Musamutche woipa mtima, mlendo ndi mame. Onjezani kuti amene amanyamuka sizoni ya tiyi itatha amafika mu Juni kapena Julaye, pamene Johannesburg ikuzizira kuposa ku Bvumbwe m'mawa wa chiperoni. Kuzizira kumadyetsa. Thupi limafuna chotentha kawiri kapena katatu patsiku, ndipo chotentha chilichonse ndi mayunitsi kapena parafini.

Apa ndiye pamene pagona nkhani yanga. Munthu amene alibe chakudya cha mawa sasankha ntchito. Bwana akati ndikupatsa theka la zimene ena amalandira, uzigona m'sitolo momwemo, Lamlungu kulibe, iwe umangoti zikomo. Akakuuza kuti pasipoti ndikusungire, umapereka. Masiku 30 amene Mmalawi amadindiridwa pa boda akamatha, mantha amaphatikana ndi njala, ndipo olemba ntchito ena amadziwa bwino kuwerenga nkhope yotere. Kwa atsikana ndiye zimafika poipa kwambiri, chifukwa amuna okonzeka kugula chakudya chamadzulo ndi ambiri, ndipo aliyense amadziwa malipiro ake. Ndaona alongo athu ochokera m'makomboni a tiyi, ana oleredwa bwino, akulowa m'banja limene sanalifune chifukwa cha firiji yodzadza. Amene wafika ndi ufa, mafuta ndi nyemba za masabata anayi amatha kuyankha bwana woyamba uja kuti "ndiganize kaye". Mawu awiri amenewo amagulidwa ndi ndalama ya chakudya.

Nkhaniyi si ya ku Joni kokha. Pamene achinyamata 221 oyamba ankakwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel mu Novembala 2023, tonse tinkangowerengera malipiro awo m'makwacha n'kumaimba mluzu. Kulikonse kumene mwalonjezedwa ntchito kunja, funsani musanasaine: chakudya ndi cha ndani? Ngati ndi cha bwana, adzadula zingati pa malipiro? Ngati ndi changa, sitolo ili kutali bwanji, ndipo ndidzadya chiyani malipiro oyamba asanatuluke? Ejenti amene akukwiya ndi mafunso amenewa wakuyankhani kale.

Tsopano tiike manambala patebulo. Pa 1 Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku South Africa anafika pa R28.79 pa ola. Bungwe la boma loona za chiwerengero kumeneko, Stats SA, linati mu 2024 munthu mmodzi amafunika R796 pamwezi kuti angopeza chakudya chokwanira kusunga thupi. Gawani ndi masiku 30, mupeza R26 ndi makobiri patsiku. Imeneyo ndi ya munthu wophika yekha, wodya zotchipa, wopanda nyama ya tsiku ndi tsiku. Ndiye tiyerekeze kuti mwalowa mu mall mwagula nkhuku, tchipisi ndi chakumwa pa R90. Mwadya pafupifupi maola atatu a thukuta lanu, ngati bwana wanu amatsata lamulo, ndipo tonse tikudziwa kuti Amalawi ambiri opanda mapepala salandira ndalama imeneyo. Mwadyanso chakudya cha masiku atatu pa mphindi khumi ndi zisanu. Ine ndikanati aliyense wonyamuka akhale ndi ndalama yoposa R796 imeneyo yoikidwa payokha, n'kuwonjezerapo ya poto, mbale ndi kasitovu ngati kofikirako kulibe. Ya lendi ndi ya thiransipoti yofunira ntchito ndi nkhani ina, musaziphatikize m'thumba limodzi, chifukwa zikaphatikizana imene imayamba kudyedwa ndi ya chakudya.

Pali matenda awiri amene amagwira Mmalawi akangogwira randi. Oyamba ndi oona nambala yaing'ono. Kwathu K20 siigula ngakhale switi, ndiye ukaona chinthu cha R20 mutu umakuuza kuti n'chaulere. Chonsecho ngakhale pa mtengo wa ku banki R20 ili cha m'ma K2,000, ndipo pa mtengo wa pamsewu, umene ambirife timagulira marandi, imaposa pamenepo kutali. Chichokereni Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, randi iliyonse imene mwanyamula yadya thukuta lambiri la kwathu. Matenda achiwiri ndi otembenuza chilichonse kupita m'makwacha mpaka kuopa kudya. Ameneyu amaima kutsogolo kwa shelefu ndi kakyuleta ya pa foni, n'kutuluka ndi buledi yekha, sabata yonse tiyi wopanda mkaka, kenako n'kudzagwa ndi chizungulire pa sikafodi. Onse awiri akulakwitsa poyezera. Ukakhala kunja, mtengo wa chakudya uziuyeza ndi maola a ntchito ya komweko. Funso likhale lakuti, mbale iyi ndaigwirira maola angati?

Boma la South Africa lenilenilo linakulemberani kale mndandanda wa zogula, kungoti silinautche choncho. Katundu wambiri kumeneko ali ndi msonkho wa VAT wa 15 peresenti, koma pali zakudya zimene anazichotsera msonkhowu: ufa wa chimanga, buledi wa bulauni, mpunga, nyemba zouma, mazira, mkaka, mafuta ophikira, masamba, zipatso ndi nsomba za m'chitini zija amati pilchards. Taonani bwino, chimenecho ndi chakudya cha kwathu chomwe. Chakudya chophikaphika cha mu lesitilanti chimalipira msonkho wonse. Shoprite yakhala ikugulitsa buledi wa R5 kwa zaka zingapo tsopano. Mitu ndi mapazi a nkhuku, zimene eni dziko amazitcha walkie talkie, ndi ndiwo zabwinobwino ukazitereka ndi tomato ndi anyezi. Kabichi mmodzi amatha masiku. Chodula ndi chilakolako cha kumudzi. Usipa, chambo chouma ndi nandolo zimapezeka kwa amayi a kwathu amene amaziitanitsa pa mabasi, koma mtengo wake umaphatikiza ulendo wonse uja wa pa Tete. Muzigula za Lamlungu, osati za tsiku lililonse.

Anyamata amene ndinawaona akutukuka msanga ndi amene ankaphika poto mmodzi anthu atatu kapena anayi. Amasonkha kumayambiriro kwa mwezi, amagula thumba lalikulu la ufa ndi botolo lalikulu la mafuta, ndipo aliyense amanyamula kontena yake popita kuntchito. Ndewu sizilephera, poti nthawi zonse pamakhala mmodzi wodula mbamu zazikulu amenenso amachedwa kusonkha. Koma ndewu ya ndiwo ndi yotchipa kuyerekeza ndi kota ya tsiku ndi tsiku pa spaza.

Tifike pa nkhani ya zithunzi, poti ndikudziwa kuti mukuwerenga izi pa foni yomweyo. Mfana wafika ku Joni Lachinayi, Loweruka pa sitetasi pali chibakete cha nkhuku, kapu ya pepala ndi mawu akuti Mulungu ndi wabwino. Mng'ono wake ali pa Thunga waona ndi kabandulo ka K200, mtima wauluka. Chimene sanaone ndi masiku khumi otsatira a buledi ndi madzi a shuga, chifukwa amenewo sajambulidwa. Chithunzi chija chimalipiritsa kawiri. Koyamba pa kauntala. Kachiwiri kumudzi, chifukwa mayi, azakhali ndi alamu onse aona kuti mwana wathu zake zayera, ndiye mauthenga ayamba kugwa: feteleza, fizi, malata, mankhwala a agogo. Ukati ndilibe, akuti wayamba kudzikonda, si uja timamuona akudya mu hotela? Wadzipangira wekha mlandu ndi nkhuku ya R90. Ndipo chaka chamawa mng'ono uja adzanyamuka wopanda ya chakudya, chifukwa umboni anauona ndi maso ake kuti kumeneko nkhuku ndi yongotola.

Musandimve molakwa. Sindikuletsa kudya kunja. Munthu amene wanyowa ndi mvula dengu lili kumsana, kapena wakhala mwezi wathunthu akusakaniza simenti ku Midrand, ali ndi ufulu wokhala pampando wofewa wina n'kumubweretsera mbale. Pitani ku Nando's mukalawe, ndipo mukamadya mudziwe kuti kampaniyo inayambira pa Rosettenville mu Johannesburg momwemo mu 1987, ndipo ena mwa alimi amene amailimira tsabola ndi a ku Malawi konkuno. Chimene ndikupempha n'chakuti kudya koteroko kukhale ndi tsiku lake ndi ndalama yake, malipiro atatuluka, lendi italipidwa, ufa uli m'nyumba. Mukakhala pansi pamalo pamene pali woperekera zakudya, dziwani kuti mwambo wa kumeneko ndi kusiya tipu ya pafupifupi 10 peresenti. Woperekerayo kawirikawiri ndi Mzimbabwe kapena Mmalawi mnzanu amene amadalira tipu yomweyo. Ngati ya tipu mulibe, gulani zonyamula muzipita, musakamugwiritse ntchito yaulere mwana wa mnzanu.

Ife a ku Thyolo tinayenera kukhala oyamba kuzindikira chimene munthu amalipira mu lesitilanti. Pamafunika makilo anayi ndi theka kapena asanu a masamba obiriwira kuti patuluke kilo imodzi ya tiyi wouma, ndipo katibagi kamodzi ndi magalamu awiri kapena awiri ndi theka. Ndiye kuti kilo imodzi imene mayi anu amaika pa sikelo ya kapitawo imatulutsa makapu oposa 80. South Africa ndi limodzi mwa mayiko amene amagula tiyi wambiri wa ku Malawi, choncho kapu imene akubweretserani ku Sandton ikhoza kukhala ndi masamba a kuphiri kwathu konkuno. Funsani mayi kuti kilo amawalipira zingati, muyerekeze ndi mtengo wa kapu imodziyo. Masambawo ndi kachigawo kochepetsetsa. Zotsalazo mukulipira mpando, magetsi, lendi ya mall ndi nyimbo.

Chinanso tiphunzire kwa alendo amene amabwera kwathu. Pa Satemwa, esiteti imene yakhalapo kuyambira 1923, pamafika azungu ochokera ku London ndi ku Berlin kudzagona ku Huntingdon House ndi kumwa tiyi pa kapinga. Anthu amenewa ali ndi ndalama kuposa ife kutalitali, koma asanakwere ndege amakhala atafunsa kale ngati chakudya cham'mawa chili mu mtengo wa chipinda, chamadzulo ndi zingati, ndipo akakhala patebulo amawerenga menyu mpaka kumunsi osachita manyazi. Ife a ndalama yokongola ku banki m'khonde ndi amene timaopa kufunsa mtengo, ati angatione ngati osauka. Timaloza chithunzi, bilu ikabwera n'kumamwetulira mtima ukulira. Kufunsa kuti "ndi zingati?" usanaitanitse, ngakhale kudzuka n'kutuluka ukaona kuti sizikugwirizana, palibe anamangidwapo nazo.

Ndikudziwa chimene ena mukunena: "Akulu, mukulankhula ngati ndalama ndi masamba a tiyi. Ya basi yomweyo tachita kukongola, ya chakudya tiitenga kuti?" Funso limeneli ndi loona ndipo sindilipeputsa. Malipiro a pa esiteti salola munthu kusunga. Mu 2015 makampani a tiyi, ogula akunja ndi mabungwe anasainirana pulogalamu ya Malawi Tea 2020 yofuna kuti wothyola tiyi afike pa malipiro okwanira kukhalira moyo pofika 2020. Zinasunthako, koma cholingacho sichinafikiridwe, ndipo kugwa kwa kwacha kunadzadya zambiri mwa zimene zinapezekazo. Anyamata sakuthawa ku Thyolo chifukwa chokonda nkhuku ya mu mall. Komabe ndikayang'ana zikwama za onyamuka ndimaona nsapato zatsopano, jekete yatsopano, foni yosinthidwa dzulo, ndi phwando lotsanzika pa bala. Pamenepo pali chakudya cha masabata awiri. Ena akanangodikira mafotinaiti awiri kapena atatu akugwira maganyu, akananyamuka ndi poyambira. Ndipo amene akukuitanani kunjako mufunseni mosapsatira kuti, "Achimwene, mundidyetsa masiku angati?" Akati sabata ziwiri, mwadziwa kuti zinazo ndi zanu. Akayamba kuzungulira, mwadziwanso. Pali ena amene ngakhale atachita zonsezi sizingakwane, ndipo kwa amenewo ndilibe yankho lokoma. Ndingoti kusowa chakudya pa Goliati, pamene pali azakhali ndi munda wa chinangwa, n'kosiyana ndi kusowa chakudya m'dziko la eni pamene ngakhale madzi otentha ndi ogula.

Kwa inu otsala kumudzi, makolo ndi azibale, nanunso muli ndi gawo. Mwana akafika, mulekeni mwezi woyamba adye. Foni yoyamba isakhale ya "wafika bwanji, kuno feteleza wakwera". Ndikudziwa anyamata amene anatumiza pa Mukuru ndalama yawo ya ufa sabata yachiwiri, pofuna kuonetsa kuti ulendo sunapite pachabe, iwo n'kumagona ndi madzi. Inu munalandira uthenga wa pa foni n'kuvina, osadziwa kuti mwalandira nkhomaliro ya mwana wanu. Ndipo pomutsanzika, m'malo momupatsa mndandanda wa zoti adzakugulireni, mukazingireni mtedza. Akakana, muuzeni za ine.

Mwana wa achemwali anga amafuna kunyamuka kumapeto kwa mwezi uno. Sabata yatha tinakhala pakhonde ndi kakyuleta ya pa foni yake, tinalemba ya panjira masiku atatu, ya mwezi woyamba, ya poto ndi ya mayunitsi. Zinaperewera ndi ndalama yofanana ndendende ndi mtengo wa nsapato zimene anagula ku Limbe, zidakali m'bokosi. Ndinamuuza kuti asankhe, abweze nsapato kapena asunthe ulendo. Anadzuka osatsanzika, ndipo mauthenga anga akungowawerenga osayankha. Dzulo ndinadutsa pakhomo pawo ndinapeza mayi ake akusenda mtedza palichero. Ndinafunsa za nsapato zija, anati bokosi silikuonekanso pansi pa bedi, koma sakudziwa ngati wabweza kapena wangolibisa kwa mnzake.